Paipi ya Kuseri kwa Nyumba

Nditayamba ntchito ya ukalaliki m'sitolo ya feteleza pa Kasungu boma, tinkachita lendi nyumba ya bambo ena a ku Lisasadzi, mlimi wa fodya. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ankabwera panjinga. Tikangolonjerana, ankapempha mkazi wanga kuti atseke mipopi yonse, iwo n'kukanjuta pa mita ya madzi kuti aone ngati ikuyenda. Ikakhala chete, ndiye kuti palibe pamene pakudontha. Tiyi ankamwa pambuyo pake.

M'nyengo yotentha ndinaganiza zolima mpiru kuseri kwa nyumba. Sindinapemphe chilolezo kwa eni nyumba. Ndisanapite patali, khasu linamenya paipi, madzi n'kundithira kumaso. Ndinatseka pa mita, ndinadula chubu chakale cha njinga n'kumanga pobookapo zolimba. Nditakwirira ndinasanjapo nkhuni.

Ndinabisa chifukwa cha mantha. Oyandikana nawo anali atatiuza kuti amene ankakhalamo kale anatulutsidwa atathyola sinki. Mwana wathu wamkazi anali mu Sitandade 8, sukulu yake ili kutsidya kwa msewu, ndipo nyumba ina pafupi panalibe. Kusamuka kukanamusokoneza mayeso.

Loweruka lija litafika, bambowo ananjuta pa mita nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenaka anazungulira nyumba, ine ndili pambuyo. Anaima pa nkhuni paja. Dothi linali lonyowa, nkhuku zikupalasapo.

"Akalaliki, kuno mvula yayamba kale? Kwathu ndi fumbi lokhalokha."

"Paipi ndinaboola ndine, bambo. Ndimafuna kadimba. Mphira umene muupeze pansipo ndi wanganso."

"Bweretsani khasu lomwelo."

Anavula jekete, nafukula okha. Paipi itaoneka, anapisa dzanja m'dzenjemo. Silinalowe ngakhale kufika pamene amavala wotchi.

"Paipi iyi ndinakwirira ndekha, nthawi yothyola fodya, mtima uli kumunda," anatero. "Imayenera kulowa mpaka m'bondo. Kubisa mwalakwa, ndipo mphira wanuwu ndi wa njinga, si wa madzi. Koma paipi yokhala pamwamba ngati mbatata ndi mlandu wanga. Nyumba ndinamanga ndine."

Inali nthawi ya nazale, pamene mbande za fodya zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo mlimi sachoka pamudzi. Komabe Lolemba anasiyira akazi awo ntchito yothirira, nabwera ndi pulambala, paipi yatsopano ataikulunga pa kaliyala. Sanangosintha pobooka pokha. Anakumba ngalande yofika m'bondo kuchokera pa mita mpaka ku bafa. Nditaweruka ndinawapeza akukumbabe, malaya ali chonyowa ndi thukuta, ndipo ndinatenga fosholo.

Titamaliza kukwirira, anatseketsa mipopi, nakanjutanso pa mita. Inali chete. Apo m'pamene ndinafunsa funso limene linkandisowetsa mtendere.

"Ndiye tisamuke liti, bambo?"

Anandiyang'ana akupukuta manja ndi udzu. "Mukufuna kupita kuti? Munthu amene ankakhala muno kale uja anandiuza kuti sinki inasweka yokha, mpaka kulumbira. Inu mwanena ndisanafukule. Mpiru wanuwo limani cha kumpanda uko, kulibe paipi."

Mwana analemba mayeso ake akuchokera m'nyumba yomweyo.