Chithunzi cha agogo ndi nang'omba

Moni nonse abale.

Lero ndinali ku Nkaya kwa azakhali, kukatenga chithunzi cha malemu agogo aamuna choti tikulitse pa mwambo wa chiliza uja. Paja ankatiuza kuti anajambulidwa ndi mzungu wojambula mbalame, nthawi ya atsamunda, akumunyamulira kamera ku Rivirivi.

Abale inu, chithunzicho ndi cha nang'omba! N'chakuda ndi choyera basi, koma mbalameyo ikuoneka mpaka nsidze. Agogo palibe.

Nditadandaula, azakhali akuti, "Iyayi, tapenyetsetsa pakonapo." Kupenya, phazi limodzi lopanda nsapato, chala chachikulu chokhota ngati cha tonsefe. Iwo n'kumalipukuta ndi chitenje, misozi ili chuchuchu.

Ndiye mukuti bwanji? Tikulitse phazilo, kapena anthu adzalire nang'omba?