Jupita ndi amalume ake a Esinati

Ndikudzikwiyirabe mpaka pano, aise! Ine za Jupita ndimazidziwa, mabandulo anga amathera pomwepo. Pulaneti limene lija lili ndi maginito ake, ndiye mphepo yochokera kudzuwa ikagunda m'malire mwa maginitowo, mpweya wamagetsi wa kumeneko umavunduka, kupiringizana ngati madzi apamathithi, n'kutentha koopsa. Zonsezi n'zakutali uko, sizikhudza munda wa munthu!

Ndiye Loweruka pa Namadzi ndikuonetsa anzanga kavidiyo kake, anangotulukira amalume ake a Esinati, mtsikana amene ndikufuna kukwatira. Ukwati wathu ukudikira mawu awo. Anayang'anitsitsa foni ija, kenako amvekere, "Ohoo! Ndiye chikuumitsa chimanga ku Likoswe n'chimenechi eti, mkamwini?"

Mkamwini! Anali asananditchulepo choncho. Ine manja kumbuyo, mano panja ngati chitsiru: "Eya amalume, n'chimenecho ndithu."

Bodza lenileni! Pano akulengeza msika wonse kuti mvula yatsekedwa ndi Jupita, watsimikiza ndi mnyamata wa foni uja. Anzanga pa gulupu akungondiseka. Dzulo amalumewo anandiimbira: "Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, uwafotokozere akuluakulu bwinobwino."

Pakamwa pangapa, popanda n'kundifunsa komwe, panati, "Chabwino amalume."