Chilumba cha a Zuze

Ndikakumbukira a Zuze, ndimamva fungo la matope a m'dambo ndi utsi wa mapesi onyowa umene unkakanirira m'jasi lawo. Anali oyandikana nafe nyumba ku Kuwadzana, nkhalamba ya ku Tete imene inabwera kuno pothawa nkhondo. Kuseri kwa nyumba zomalizira, pamene kamtsinje kamagawikana pawiri, panali kachitunda kamene iwo ankati ndi chilumba chawo, ndipo panalibe wowatsutsa. Ankalimapo chimanga, mbatata ndi nzimbe. Mbali ina anangoisiya ya mitengo ndi bango, mmene munkakhala nkhwali, ng'azi ndi nsato imene ankakana kuipha chifukwa inkawathera mbewa. Ana tonse tinkawatchula Sekuru, kutanthauza agogo, koma kuchilumbako tinkaopako.

Tsiku lina masana amayi anandituma kukawapatsa mahewu. Ndinawoloka pa thabwa limene linali mlatho wake. Ndili komweko kumwamba kunada bii, mvula inakhuthuka, ndipo madzi ofiira odzaza zigubu ndi mapulasitiki anabwera ndi mkokomo n'kukokolola thabwa lija ife tikuona. Madzi atayamba kulowa m'mizere, udzu unagwedezeka pafupi ndi phazi langa. Inali nsato ija, ikukwera kumtunda pang'onopang'ono, thupi lake losaoneka pothera.

"Usathamange," anatero a Zuze motsitsa mawu. "Nayonso ikuthawa madzi."

Anandinyamula pamapewa n'kulowa mumtsinje. Madzi anawafika m'chiuno, kenako pachifuwa. Ine ndinagwiritsa mutu wawo. Ankang'ung'udza m'Chinyungwe chakwawo, akubwerezabwereza dzina loti Rozina, zala zawo zitandifinya akakolo mpaka kupweteka.

"Sekuru, ine ndine Esinati," ndinatero ndikulira, koma sanandimve.

Titafika kutsidya anakhala pansi m'matope momwemo, osandiyang'ana. Kunyumba, akundipukuta, amayi anandiuza kuti Rozina anali mwana wa a Zuze. Anamunyamula chomwecho pa Zambezi pothawa asilikali, koma kutsidya anafika okha.

Chilumbacho anachilimabe mpaka miyendo itakana, koma ine sindinapondekonso. Lero ndili ndi ana anga. Podumpha msewu, potsika kombi, ngakhale pa kangalande kopanda madzi, amadandaula kuti ndikuwapweteka dzanja. Ndimawamva ndithu, koma zala zanga zimakana kumasuka.