Dandaulo langa la mlatho

Ndikuphunzitsa kufupi ndi Embangweni, kunabwera tsamba la pa intaneti loti anthu tizilembapo madandaulo a m'dera lathu. Dzina langa ndinalibisa. Ndinadandaula za mlatho wogumuka, n'kupereka chitsanzo cha amayi ena oyandikana nawo nyumba, ogulitsa tomato, amene ankalephera kuwoloka kukatenga mankhwala awo a mwezi ndi mwezi. Ndinkaona ngati ndikuwathandiza.

Mudzi wonse unawazindikira. Inenso Chichewa changa cha ku Dedza chinandiulula.

Atandipeza pamjigo, amayiwo sanakalipe. Anangoti, "Yewo, aphunzitsi. Dzina lanu munabisa bwino chomene. Mbwenu matenda angawa ndiye alibe mwini?"

Ndinanyamula ndowa yanga isanadzaze.