Mphindi Khumi ndi Zisanu

Zaka zija za matipate mabungwe anachuluka pa Dedza, ndipo ine ndinapeza ntchito ku bungwe lina logawa mbewu ya mbatatesi kwa alimi a m'mapiri. Popeza ndinali nditaphunzirako kompyuta miyezi itatu, aliyense ankanditcha katswiri. Nanenso ndinkavomera, ha, kudzimva kwake!

Tsiku lina anabweretsa makompyuta awiri akuluakulu oti azisunga mayina a alimi. Ankati azigwira ntchito ngati imodzi: zolembedwa pa iyi zizipezekanso pa inayo, kuti ina ikafa ntchito isaime. Katswiri weniweni wa ku Lilongwe, wodzaika pulogalamu yosunga mayinawo, anatumiziratu pepala la zoti ndikonze iye asanafike. Kufufuta zakale, kuika pulogalamu yoyendetsa makinawo, kuwalumikiza ndi waya. Mzere wina unati nthawi ya makompyuta awiriwo ifanane ndendende. Ndinaseka. Zimenezinso n'zolembera munthu wamkulu?

Yoyamba ndinaitchera potsatira wailesi. Yachiwiri ndinaimaliza mawa lake, njala itandigwira, ndiye ndinangoyang'ana wotchi yapamkono. Wotchi imeneyo ndinkaithamangitsa dala ndi mphindi khumi ndi zisanu kuti ndisamachedwe pochokera ku Linthipe, kumene ndinkakhala. Ndinachonga papepala, basi. Katswiri uja anabwera, anaona zochonga zanga, anaika pulogalamu yake n'kubwerera tsiku lomwelo.

Wolowetsa mayina anali mayi wina wachikulire amene anataipa makalata kuyambira ine ndili kupulayimale. Mafomu ochokera kumidzi ankawerengeka movuta, choncho ankati akalemba dzina n'kuzindikira kuti mudzi si umenewo, ankakonza pompo. Mawa lake cholakwika chija chabwerera. Alimi a ku Kabwazi ankapezeka pamndandanda wa kwina, ena n'kubwerera kwawo opanda mbewu.

"Ndinakonza, bwana, ndithu ndinakonza," ankatero amayiwo.

"Kompyuta sinama, mayi," bwana ankayankha.

Ine ndiye ndinkawonjezera moto. Tsiku lina ndinawakalipira pamaso pa anthu: "Koma amayi, batani losungira lija mumalidina? Tikuuzeni kangati?" Ndikakumbukira mawu amenewo ndimachita manyazi mpaka lero.

Patapita miyezi iwiri anawauza kuti akapume, n'kulemba ntchito mtsikana wa satifiketi. Lolemba limene mtsikanayo anayamba, ndikumuonetsa makina, maso anga anagwera pa nthawi ya makompyuta awiriwo. Inali yosiyana ndi mphindi khumi ndi zisanu. Popeza nthawi yake inali patsogolo, yothamanga ija inkaona zolakwika zimene inasunga ngati zatsopano, n'kumafufuta zimene amayi aja ankakonza pa inayo. Ndinadikira kuti anthu apite kukamwa tiyi, ndinabweza nthawiyo mwakachetechete. Kuyambira tsiku limenelo palibe dzina linasokonekeranso.

"Mwaonatu," anatero bwana kumapeto kwa sabata. "Vuto linali munthu."

Pakamwa ndinali napo, koma ndinaopa kuchotsedwa ntchito.

Chaka chotsatira ndinawaona amayi aja pamsika wa Linthipe akugulitsa kabichi. Ndinafuna kuzemba, koma anali atandiona kale.

"Achimwene! Makina athu aja akuyenda?"

"Akuyenda, amayi."

"Chabwino. Munavutika nane inu, pepanitu. Mutu wangawu unali utatha, kungoti mwini wakene sindinkadziwa."

Anthuni, iwo kupepesa ine! Mawu oulula zonse anafika pakamwa penipeni. Chimene chinatuluka n'kuwafunsa ngati kabichiyo anadulidwa lero.