Wailesi Pakhomo la Zinsinsi

Mayi Wailesi anabadwa chitsiriza m'banja la ana aakazi okhaokha, ndipo amati anayamba kuyankhula asanamere mano. Dzina la ubatizo anali nalo, koma linatha ntchito kalekale. Ali kusukulu, ndiwo ankadziwa mphunzitsi amene akufunsira mnzake. Atakula anayamba kuluka tsitsi mu saluni, ntchito imene munthu amagwira mutu wa mnzake kwinaku akusolola nkhani zonse za m'katimo. Sanali oipa mtima ayi. Maliro akagwa, oyamba kufika anali iwo, kungoti pobwerera ankanyamula nkhani ya amene analira mopitirira muyeso.

Tsono boma linamanga nyumba yosungiramo mbiri za odwala a dziko lonse, kuti akatswiri a kafukufuku aziona matenda amene akutha anthu. Lamulo lake linali lakuti wolowa m'chipinda cha makompyuta asalowe ndi foni, cholembera, ngakhale kapepala ka switi. Panafunika munthu wa pakhomo woti azilanda zimenezi n'kutsekera m'kabati.

Tsiku la mayeso a ntchito, abwana ake, mayi wachitsikana wa magalasi, anafunsa a Wailesi chimene amatha.

"Kuona, bwana. Bambo a suti akudikira panjawo ali ndi mafoni awiri. Ina ili m'sokosi. Ikalira ya m'sokosiyo amasintha mawu."

Ntchito anaipeza pomwepo. Koma abwanawo anawayang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Nkhani imodzi yokha ikatuluka muno, anthu asiya kupita kuchipatala. Ndiye mudzayamba ndinu kutuluka, ine pambuyo."

Achemwali awo, telala wa pakhonde la sitolo, amene anawalera amayi awo atamwalira, atamva anaimitsa makina osokera. "Asungitsa fisi nyama," anatero, ndipo sanaseke. Loweruka lililonse achemwaliwo ankabwera kudzalukitsa tsitsi, koma kuyambira pamenepo anasiya. A Wailesi zinawapweteka kwambiri. Analumbira kuti adzawaonetsa kuti nawonso amatha kumanga pakamwa.

Kunena zoona, sabata yoyamba anasuzumira pagalasi la chipindacho, mtima uli dyokodyoko. Anaona manambala okhaokha, mizere ndi mizere, ndi akatswiri atakhala duu ngati ali pamaliro a munthu wosamudziwa.

"Nanga anthu ake ali kuti, bwana?"

"Ndi amenewo. Mayina amachotsedwa zisanafike kuno. Ngakhale ine sindingadziwe kuti uyu ndani."

A Wailesi anamva ngati awabera. Nyumba yonseyi, alonda, zitseko zotsegula ndi chala, makina ozizira usana ndi usiku, kusungira nkhani zopanda eniake!

Koma kumene ankakhala, ndani akanakhulupirira zimenezo? Woyamba anali wogulitsa nyama. Anawonjezera chiwindi pasikelo osapemphedwa, n'kuwerama.

"Amayi, zija mwaona zija, za shuga zija, akazi anga asamve. Andilanda botolo."

"Zake ziti? Mulibe mayina mmene muja!"

"Eya, muzitero kumene. Ambuye akudalitseni."

Kenako anabwera eni nyumba, chipewa chili m'manja, n'kukana mpando. Anafotokoza mwatsatanetsatane chifukwa chimene sakhalira pampando masiku ano. Mkulu wa kwaya anawadikirira pakona n'kuwauza kuti matenda aja anawatenga paulendo, mwina pa thaulo la kumalo ogona alendo. A Wailesi akamakana kuti sadziwa kanthu, anthu ankagwedeza mitu mosirira, amvekere ntchito yawaphunzitsadi ulemu. Makina aja analibe dzina ngakhale limodzi, koma anthu ankabweretsa okha mayina, matenda ndi kumene anawatola.

Ha, mayi anavutika! Moyo wawo wonse anathamangira nkhani ngati zimenezi, lero zikubwera zokha pakhomo koma osatha kuzidya. Ankadziwa kuti akangotsina khutu munthu mmodzi, dziko lonse linena kuti makina aulula. Anayamba kutafuna chingamu mpaka nsagwada kuwawa. Zikafika pakhosi ankalowa m'chimbudzi cha kuntchito, n'kutsegula madzi, n'kuuza khoma zonse za mkulu wa kwaya. Anzawo a ku saluni anawajeda kuti ayamba kunyada. A Wailesi anaonda, chifukwa munthu sanenepa atameza nkhani.

Chimene chinkawadya kwambiri n'chakuti kupirira konseku achemwali awo sankakuona. Loweruka lina analephera kuugwira mtima. Anatenga chipeso ndi mafuta n'kulunjika pakhonde la sitolo paja.

Anawapeza akusoka yunifolomu ya mwana wasukulu, akukankha nsalu ndi dzanja limodzi, linalo atalipanikiza kukhwapa. Diresi limene anadzisokera okha linali kuwakhwepa.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani? Tsitsi ili likuoneka ngati mulibe m'bale."

Achemwaliwo sanadzutse mutu. "Wabwera kudzandifunsa chiyani, iwe? Si waona kale?"

"Ndaona chiyani?"

"Usandipusitse. Za chotupa cha m'berezi."

Chipeso chinagwa pansi. Achemwaliwo anapitiriza, mawu ali pansipansi. Anati anakayezetsa kuchipatala a Wailesi asanayambe ntchito ija, ndipo adokotala anawauza kuti abwererenso msanga. Kenako anamva kuti zonse za kuchipatala zimapita ku nyumba imene mng'ono wawo amalondera.

"Ndinati zoyambazo zapita, koma sindiwonjezeranso zina. Sindikufuna kumva za maliro anga kwa ogulitsa tomato ndikadali moyo."

A Wailesi anatola chipeso chija. Anachita manyazi, anachita mantha, ndipo anakwiya. Miyezi yonseyi m'bale wawo anakhala ndi chotupa chikukula, osati poopa mpeni wa dokotala, koma poopa pakamwa pa mwana amene anamulera yekha.

"Mulibe mayina mmene muja, achemwali. Sindimadziwa. Ndikanadziwa bwenzi nditakunyamulani kumsana."

"Aliyense akuti umadziwa za anthu onse." Achemwaliwo anawayang'ana m'maso. "Chabwino. Wogulitsa nyama uja amakuwonjezera chiwindi chifukwa chiyani? Akudwala chiyani?"

Nkhani inakwera yokha mpaka pa lilime, yokoma, yakupsa, ndi botolo lake lomwe. A Wailesi anatsegula pakamwa. Anatsekanso. Thukuta linatuluka pamphuno.

"Amagulitsa nyama," anatero.

"Nanga eni nyumba ako, amene amapemphera choimirira?"

"Ndi odzichepetsa."

Achemwaliwo anamaliza msoko umene ankasoka. Kenako anadula ulusi ndi mano, n'kuvundikira makina ndi nsalu. "Lolemba ukapemphe tchuthi kuntchito. Sindipita ndekha."

Lolemba m'mawa akutuluka, mayi woyandikana nawo anasuzumira pa mpanda, tsache lili m'manja. "Ulendo wa kuti pachibale, mutatchena chonchi?"

"Kokagula ulusi," anayankha a Wailesi osacheuka n'komwe. Mayiyo anatsala akung'ung'udza kuti wailesi ya masiku ano yatha mabatire.

Kuchipatala mzere unali wautali, benchi lolimba, fungo la mankhwala lili guu. Namwino akatchula nambala, achemwaliwo ankadzidzimuka. Kenako anagwira mkono wa mng'ono wawo n'kunong'ona.

"Ndikuopa, iwe. Tandiuzeko nkhani iliyonse."

A Wailesi anafufuza m'mutu. Munali modzaza kuposa kale lonse, nkhani zonona zoti zikanaseketsa benchi lonselo. Koma panalibe ngakhale imodzi imene inali yawo yoti aipereke. Ndiye anatulutsa chipeso m'chikwama, anayamba kumasula tsitsi la achemwali awo pang'onopang'ono, n'kuyamba kufotokoza za bambo wina wa suti, wopanda dzina, amene ankasunga foni m'sokosi.