Mphatso Imene Sindinapereke

Ananditengera makina anga onolera mipeni. Anawatenga masana, pa bwalo la mpira, anthu akuwomba m'manja, ine nditagwada.

Sukulu ndinaisiyira mu Fomu 2, bambo atamwalira, fizi itasowa. Tinkakhala ku Area 1, ine, mayi ndi alongo anga awiri. Inali nthawi ija ankamanga likulu latsopano, ndipo aliyense ankati ntchito ili mbwee. Ndinapitako ku Capital Hill kukaima pa mzere. Kapitawo anandiyang'ana mikono n'kunena kuti ndine wowonda, sindinganyamule simenti. Ku maofesi anati satifiketi ndilibe. Ndinatopa nazo.

Makinawo ndinapanga ndekha. Ndinatola felemu ya njinga yakufa kuseri kwa depoti ya mabasi, n'kuiimika pa miyendo yachitsulo. Gudumu lakumbuyo ndinalivula tayala, ndinakoleka lamba wochoka pa gudumupo kukafika pa mwala wonolera umene ndinaumangirira kutsogolo. Mwalawo ndinaupeza pa galaja ina imene inkatsekedwa, ndinaugwirira ganyu yosesa mpaka anandipatsa. Ukakhala pa chishalo n'kumapalasa, mwala unkazungulira, mpeni n'kumalavula moto. Amene anandiwotcherera zitsulo ndi bambo wina wachisilamu wokonza njinga kumsika wa Old Town. Tonse tinkangowatchula kuti amisiri. Sanandilipiritse, anangoti ndizikhala pafupi ndi shedi yawo kuti wina aziyang'ana zipangizo iwo akapita ku mzikiti.

Ndinkadya bwino ndithu. Abutchala ankabwera m'mawa, atelala a m'makhonde a masitolo ankabweretsa masizasi, anyamata otchetcha udzu m'misewu ya mzinda watsopano ankabwera ndi zikwakwa. Mayi anasiya kuchapa zovala za eni.

Tsiku lina kunabwera atcheyamani a nthambi yathu ya chipani.

"Iwe, Loweruka kukubwera aphungu athu. Akufuna kuona zimene achinyamata akuchita. Ubwere nacho chinjinga chakochi ku bwalo."

Chipani chinali chimodzi, ndipo mawu a atcheyamani sankayankhidwa. Atachoka, amisiri anandiitana.

"Mwanangu, ukapita kumeneko usakatsike pa chishalopo."

"Bwanji, amisiri?"

"Ndati usakatsike. Ngakhale mkodzo ukugwire."

Ndinaseka. Ndinkaganiza kuti akunena za akuba.

Ku bwalo kuja anyamata a chipani a malaya ofiira anandilozera poika makina: pambali pa nsanja, pomwe panali mbuzi ziwiri zomangirira, lichero la mazira ndi thumba la mtedza. Zimenezo zinali mphatso za aphungu. Masiku amenewo munthu wamkulu sankachoka pa msonkhano chimanjamanja. Ndinaona ndithu, koma malo ena panalibe.

Aphunguwo anali munthu wamfupi wa magalasi, amene kale anali mphunzitsi wamkulu, ndipo ankalankhula ngati tonse tili m'kalasi. Anati dziko losauka lisamasirire makina a kunja. Anati thirakitala imadya ndalama ya fodya wa mudzi wonse, kenaka imafa chifukwa cha kabawuti kamodzi kamene kali kutsidya kwa nyanja, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake. Anati ife tili ndi manja ambiri ndi ndalama zochepa, choncho tipange zinthu zofuna manja. Za sukulu anati fizi ndi yabwino, chifukwa chaulere munthu sachisamala, ndipo makalaliki achuluka kale kuposa mipando. Apo ndinalavula malovu pansi.

Atatha anatsika n'kubwera kwa ine. Ndinapalasa, ndinanola chikwanje, moto unathetheka, ana anakuwa. Aphungu anatenga chikwanjecho n'kudula nacho pepala la ndondomeko ya msonkhano. Anasangalala ngati mwana.

"Mwaona? Izi ndi zimene ndikunena! Petulo ayi, magetsi ayi, ngongole ya kunja ayi!"

Kenaka anatambasula dzanja kuti andipatse moni. Ndiuzeni, ndani akanalandira dzanja la phungu atakhala pamwamba, iye ali chiimire pansi, maso a bwalo lonse ali pa iwe? Ndinaleredwa ndi anthu. Ndinatsika, ndinagwada, ndinagwira dzanja lawo ndi manja awiri. Dzanja lawo lina linali pa chishalo.

Woyendetsa mwambo anakuwa pa chimkuzamawu: "Achinyamata a Old Town apereka makina awa kwa Olemekezeka!"

Amayi a chipani anaimba nthungululu. Ndisanadzuke n'komwe, anyamata aja anali atakweza makina mu Landirova, pamodzi ndi mbuzi.

Madzulo ndinapita kwa atcheyamani.

"Ukuti chiyani? Ndikawauze kuti mphatso ibwerere? Pamene anthu aimba kale nthungululu?" Anayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Ukawauze wekha. Ine ndili ndi ana."

Amisiri sanandidzudzule. Anangopitiriza kumanga masipoko.

Aphungu ankakhala ku Area 10. Ndinapita wapansi. Kuchoka ku Old Town unkadutsa tchire lalitali, kenaka nyumba zoyera za City Centre zitatalikirana ngati zakwiyirana, kenaka misewu yamitengo yopanda munthu woyenda, agalu okhaokha kuseri kwa mipanda. Mlonda wa pageti anandibweza maulendo angapo. Abwana ali ku Zomba. Abwana akupuma. Abwana ali ndi alendo. Tsiku lina anangotopa nane n'kutsegula.

Makina anga anali pakhonde, atawapaka utoto wobiriwira, pambali pake pali mphika wa maluwa.

"Aa, katswiri wathu!" anatero aphungu. "Mpatseni tiyi."

Ndinakhala pa masitepe ndi kapu yachitsulo. Iwo anakhala pa mpando n'kuyamba. Achinyamata asamaunjikane m'tauni, abwerere ku minda. Tsitsi lalitali ndi ulesi. Dziko lina loyandikana nalo lagula ndege pamene anthu ake akusowa sopo. Bokosi la kanema limene mayiko ena ali nalo m'nyumba ife sitilifuna, lidzangokhazika anthu pansi. Anali ndi ganizo loti boma liphunzitse anyamata m'maboma onse kupanga makina ngati anga, ena opukusira chimanga, ena otungira madzi. Ankafuna kupita nawo ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba kuti anzawo akaone ndi maso.

Tiyi anatha. Ndinati, "Bwana, ine ndimadyera pomwepo."

"Ndikudziwa, mwana wanga. N'chifukwa chake mphatso imeneyi ndimailemekeza kuposa mbuzi."

"Mayi anga ayambanso kuchapa zovala za eni."

"Ntchito ya manja si yamanyazi. Iwe unapanga amodzi, upanganso ena. Mutu uli nawo."

"Felemu ndingapeze, bwana. Mwala ndiye wosowa. Mungondipatsa mwala wokhawo."

Anaseka. "Ndiye ku Zomba ndikaonetsa chiyani? Njinga yosayenda? Dikira ndibwereko."

Akanakhala wakuba ndikanamutukwana mumtima n'kupumula. Koma munthuyo ankakhulupirira zonse zimene ankanena, ndipo ankandikonda. Zimenezo ndi zimene zinanditopetsa kwambiri. Kukabwera alendo, dalaivala wawo ankadzanditenga kumsika. Ankandiveka malaya oyera a mnyamata wawo wa m'khitchini, ine n'kukwera makina anga omwe, n'kumanola mipeni imene ndinainola kale sabata yatha. Azungu ankajambula zithunzi. Aphungu ankafotokoza za thirakitala ndi kabawuti kaja. Alendo akapita, ndinkavula malaya, ndinkadya mpunga kuseri, n'kubwerera wapansi chifukwa dalaivala anali ataweruka. Ulendo uliwonse ndinkafunsa za mwala. Ulendo uliwonse panali alendo ena amene sanaonebe.

Kumsika abutchala anandidikira pang'ono, kenaka anazolowera kunola pa simenti ya khonde monga ankachitira kale. Ine ndinayamba kunyamula matumba ku depoti. Mlongo wanga wamkulu anasiya sukulu n'kupita kukalera mwana wa kalaliki wina.

Dalaivala uja anasiya kubwera. Wailesi, imene inkatchula aphungu athu kawirikawiri, inangoti zii. Tsiku lina amisiri akupopa tayala anandiuza, maso ali pa pampu:

"Bwana wako uja wagwa."

"Wagwa bwanji?"

"Akuti ku Zomba analankhula za mathirakitala mopitirira. Anaiwala kuti minda ikuluikulu ya mathirakitalayo ili ndi eni ake. Ine sindinanene kanthu, wamva? Ndikupopa tayala."

Sindikudziwa ngati chinali chifukwa chimenecho. Masiku amenewo munthu ankagwa ndipo chifukwa chake chinkatsala m'manong'onong'o. Chimene tonse tinkadziwa n'chakuti munthu akagwa, boma linkatenga katundu wake yense, mpaka masipuni.

"Usapiteko," anatero amisiri.

M'mawa mwake ndinapita.

Geti linali lotsegula. Pabwalo panali lole ya boma, apolisi akukweza mipando, firiji, mabuku omangidwa ndi chingwe. Aphungu panalibe, akazi awo panalibe. Mlonda anali atakhala pansi pa mtengo, chipewa chili m'manja. Makina anga anali atakwezedwa kale, atagonekedwa chammbali pamwamba pa matiresi, pedulo limodzi likuzungulira lokha.

Ndinapita kwa wapolisi amene ankaoneka wamkulu.

"Bwana, pepani. Makina awo ndi anga."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndi ako?"

"Inde, bwana. Ndinapanga ndekha."

"Ndiye afika bwanji pakhonde la munthu uyu?"

Ndinaganiza msangamsanga. Ndikati anali mphatso, ndiye kuti si anga, ndipo ine ndine wopereka mphatso kwa woukira boma. Ndikati sindinapereke, ndiye kuti ndikunena kuti chipani chinanama pa chimkuzamawu.

"Ndimabwera kudzanola mipeni," ndinatero.

"Oho, umabwerabwera muno? Ndiye ukudziwa amene ankabwera muno, ndi zimene ankakamba." Anatembenukira mnzake. "Tapeza mlendo wa m'nyumba. Kwera, mnyamata. Ukakhale pa chishalo chakocho, ukafotokoze bwino kutsogoloko."

Ndinayang'ana mlonda. Iye ankandidziwa, anandiona nditavala malaya oyera maulendo onse aja. Anayang'ana m'chipewa chake.

"Ayi, bwana," ndinatero. "Ndalakwitsa. Angofanana."

"Angofanana? Zilipo ziwiri zonyansa chonchi m'dziko muno?"

Apolisi ena anaseka. Inenso ndinaseka nawo, chifukwa ndinkafuna kukagona kwathu.

"Choka pano."

Ndinaima kutsidya kwa msewu mpaka lole inatuluka. Inakhotera ku City Centre, ine ndinayamba ulendo wa ku Old Town. Dzuwa linali litakwera kale, ndipo ndinadziwa kuti mabasi a m'mawa ndawaphonya, matumba anyamula kale anzanga.